Momwe mungatenthetsere weyahausi kapena fakitale ndi hita ya dizilo yotulutsira utsi panja

Chiperoni chikagwa mu June ndi July, nyumba zikuluzikulu za malata za ku Makata, Chirimba ndi Maone mu mzinda wa Blantyre zimazizira mpaka m'mafupa. Penti wapansi amene amayenera kuuma pofika m'mawa amakhala akumatabe tsiku lachitatu, makatoni amafewa, shuga amagwirana mibulu, ndipo anyamata a shifiti ya usiku amayamba kusonkha moto m'zidiramu m'kati mwenimweni mwa nyumba. Apa m'pamene eni ntchito amathamangira kukabwereka hita yaikulu ya dizilo. Ambiri amangofika nayo n'kuiyatsa ngati mbaula, ndipo pasanathe masiku awiri yazima, kapena yadzaza utsi m'nyumba, kapena yamwa mafuta a sabata yonse.

Musanapereke ndalama, dziwani kuti mahita a dizilo alipo mitundu iwiri. Ina imalavula kutentha ndi utsi pakamwa pamodzi. Imene tikunena pano ndi ija ili ndi pobowola pa chumuni kumsana kwake, imene ogulitsa amaitchula kuti indirect. Amene munagwirako ku esiteti ya fodya wa flue-cured mumvetsa msanga: moto umayaka m'ng'anjo, kutentha kumadutsa m'zitsulo kulowa m'balani, utsi umatulukira pa chumuni osakhudza fodya. Hita imeneyi imagwira chimodzimodzi. Moto umayakira m'chipinda chachitsulo chotsekeka, fani imakankha mpweya kuzungulira chipindacho, ndipo mpweya umene umafika kwa anthu ndi katundu umakhala wotentha, wouma, wopanda utsi. Kusiyana kumeneku si kwakung'ono. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa nthunzi yokwana pafupifupi lita imodzi ya madzi, choncho hita yopanda chumuni imanyowetsa nyumba yomwe mukufuna kuumitsa. Ntchito yanu yonse pa malangizo ali m'munsiwa ndi kusunga malire amenewo, utsi kwaokha, mpweya wa anthu kwaokha.

Zimene muyenera kukhala nazo

- Hita yokhala ndi chumuni, pamodzi ndi buku lake. Ngati mukubwereka, musachoke osatenga bukulo kapena kulijambula pa foni.
- Mapaipi achitsulo a chumuni olingana ndi pobowola pa hitayo, chigongono chake, ndi kachipewa kotchinga mvula.
- Paipi yaikulu yofewa yonyamula mpweya wotentha, yopangidwira kutentha, ndi malamba omangira.
- Thermostat (kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa hita malinga ndi kutentha kumene mwasankha) ya waya wautali yolumikiza ku hita.
- Dizilo woyera, faneli yokhala ndi sefa, ndi sefa ya mafuta yapadera yosinthira.
- Waya wamagetsi wokhuthala wokhala ndi earth, komanso jenereta yodikirira.
- Alamu yozindikira mpweya wakupha wa carbon monoxide, umene umapezeka mu utsi.
- Zozimitsira moto za ufa kapena thovu, ndi ndowa ya mchenga.
- Tepi yoyezera, magolovesi, nsanza zoyera, ndi choyezera kutentha ndi chinyezi.

1. Werengerani kukula kwa hita musanabwereke

Apa m'pamene ndalama zambiri zimatayikira. Munthu amangoti "ndipatseni yaikulu" osadziwa kuti yaikulu bwanji.

Yezani mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa nyumba mu mamita, muchulukitse zitatuzo. Kenako onani kuti mukufuna kukweza kutentha ndi madigiri angati. Chachitatu ndi nambala yosonyeza mmene nyumbayo imatayira kutentha: ya malata okhaokha yopanda siling'i imakhala pakati pa 3 ndi 4, ya njerwa yofolera malata pakati pa 2 ndi 3, yokhala ndi siling'i ndi zotchinga kutentha imatsikira ku 1 kapena 2. Chulukitsani zonsezo, mugawe ndi 860, ndipo yankho lake ndi makilowati amene mukufuna.

Titenge weyahausi ya malata ya mamita 30 mulitali, 15 mulifupi, 6 msinkhu. Tikachulukitsa tipeza 2,700. Usiku m'katimo mukuzizira madigiri 10, inu mukufuna 18, kusiyana kwake ndi 8. Ndiye 2,700 kuchulukitsa ndi 8, kuchulukitsanso ndi 3.5, tipeza 75,600. Kugawa ndi 860, tipeza pafupifupi makilowati 88.

Chenjezo: nambala yaikulu imene imalembedwa pa hita nthawi zambiri imakhala ya mphamvu ya mafuta amene ikuwotcha. Kutentha kwina kumathawira ku chumuni, ndipo komwe kumafika m'nyumba kumakhala pakati pa 80 ndi 90 peresenti. Pa chitsanzo chathuchi mufunika hita ya makilowati 100 kapena kuposerako pang'ono, kapena ziwiri zocheperako. Ine ndimakonda ziwiri, chifukwa ina ikazima usiku inayo imagwirizira.

Mafuta nawo werengerani lero lomwe. Lita imodzi ya dizilo imakhala ndi mphamvu yokwanira kupereka pafupifupi makilowati 10 kwa ola limodzi, choncho hita ya makilowati 100 ikamayaka osapuma imamwa malita pafupifupi 10 pa ola. Usiku wa maola 8 ndi malita 80. Ndi mmene dizilo amavutira nthawi zina m'tauni muno, dzifunseni ngati mukufunikadi kutenthetsa nyumba yonse. Kawirikawiri ntchito imakhala pa ngodya imodzi. Tchingani ngodyayo ndi matenti kuyambira pansi mpaka kudenga, muwerengere gawo lokhalo, ndipo mudzaona makilowati ndi malita zikutsika ndi theka kapena kuposa.

2. Sankhani poyika

Malo abwino koposa ndi panja, pambali pa khoma, hita ili pansi pa kashedi kotchinga mvula, mpweya wotentha n'kumalowa kudzera m'paipi. Mukatero moto, mafuta ndi utsi zonse zili kunja. Ngati palibe kuchitira mwina koma kuyiika m'kati, chumuni chituluke panja ndipo pakhale polowera mpweya wakunja posatsekedwa, chifukwa moto umadya mpweya womwewo umene anthu akupuma.

Pansi pakhale pa simenti kapena pa nthaka yolimba yosalala. Hita yopendekeka imakoka mafuta mosalongosoka. Bukulo limatchula mtunda woyenera kusiya mbali zonse. Mulitsatire, ndipo pa chilichonse chogwira moto musachepetse mamita 3 kutsogolo kumene kumatulukira kutentha. Kumbuyo kumene fani imakokera mpweya kusayandikire khoma, ndipo chotsani mapepala, matumba apulasitiki ndi masaka amene angakokedwe.

Chenjezo lalikulu: musayike hita m'chipinda momwe muli fungo la thina, petulo kapena penti wopopera, ngakhale momwe mukuuluka fumbi la ufa, utuchi kapena thonje. Moto wake ndi wotsekeredwa inde, koma mpweya woyatsira motowo imaukoka pomwe yaimapo. M'malo oterowo hita ikhale panja basi.

3. Mangani chumuni

Musathamange pa sitepe imeneyi, ngakhale kapitawo akukukakamizani kuti nthawi yatha.

Gwiritsani ntchito mapaipi achitsulo okhaokha, kukula kwake kofanana ndi pobowola pa hita. Musachepetse kukula ndi cholinga choti paipi imene muli nayo ikwane. Utsi wa hita zimenezi umatentha madigiri opitirira 200, ndiye paipi ya PVC kapena yofewa ija ya mpweya singayerekeze n'komwe.

Utsi umafuna kukwera. Ngati paipi ikuyenera kuyenda chopingasa kuti ikaboole khoma, gawo limenelo likhale lalifupi ndithu ndipo lizikwera pang'onopang'ono polowera kunja, lisatsike ngakhale pang'ono. Ikatuluka, ikwere chilili mita imodzi kapena kuposa, ndipo pakamwa pake pakhale kutali ndi mawindo, zitseko, ndi pomwe fani ikukokera mpweya. Izi anthu amaziphonya kwambiri akayika hita panja. Amati poti ili panja chumuni n'chosafunika, koma mphepo ya chiperoni imabweza utsi n'kuulowetsa m'fani, fani n'kuutumiza m'nyumba kudzera m'paipi yomwe ija imayenera kubweretsa mpweya woyera. Ngakhale panja, ikani paipi yokwera.

Mahita ambiri amabwera ndi kacholumikizira ka chumuni kokhala ndi mipata m'mbali. Mipatayo anaisiya dala kuti utsi uzikokedwa bwino. Musaimate ndi dothi kapena kuikulunga nsanza. Pomwe paipi ikudutsa pa khoma kapena pa denga, isakhudze thabwa, tenti kapena waya wamagetsi. Mangirirani paipiyo ndi mawaya kapena zitsulo kuti mphepo isaigwetse, ndipo kulemera kwake kusatsamire pa hita.

4. Yalani paipi ya mpweya wotentha

Ikhale yaifupi ndi yowongoka mmene mungathere. Kupindika kulikonse kumabweza mpweya, kutentha kumaunjikana m'kati mwa hita, ndipo chitetezo chake chimaizimitsa. Musapitirire kutalika kumene bukulo lalola. Lozetsani pakamwa pake chapansi, chifukwa mpweya wotentha umathamangira kudenga wokha. M'nyumba yaitali msinkhu, fani imodzi kapena ziwiri zozunguza mpweya zimathandiza kutsitsa kutentha kumene kwadzikundika pansi pa malata.

Ngati cholinga ndi kufunditsa anthu, tsekani zitseko zikuluzikulu ndi mipata ya pansi pa denga. Ngati cholinga ndi kuumitsa pulasitala, penti kapena nyumba imene inalowa madzi, siyani potulukira mpweya mbali ina yakutali ndi paipi, apo ayi chinyezi chimangozungulira, usiku n'kumadontha kuchokera ku malata. Ndipo musalozetse mpweya wotentha pa simenti yongothiridwa kumene: pamwamba pamauma msanga n'kung'aluka.

Thermostat muiike pa msinkhu wa munthu, pakati pa malo a ntchito, kutali ndi pakamwa pa paipi ndi pa khomo. Popanda iyo hita imayaka usiku wonse osapuma.

5. Thirani mafuta oyera

Mahita ambiri amene anthu amati awonongeka amakhala kuti amwa dizilo wakuda. Nozzle imene imapopera mafuta ili ndi kabowo kakang'ono ngati nsonga ya singano, ndipo kachitsotso kamodzi kamakwanira kuitseka.

Thirani dizilo, kapena palafini ngati bukulo lalola. Petulo ayi, oyilo wakale wa mu injini ayi, kusakaniza ayi. Petulo ngakhale wochepa wotsalira m'chigubu angathe kuphulitsa moto, choncho zigubu za hita zikhale zakezake zolembedwa. Dizilo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa kwa mafuta ndi amene ndimamuopa kwambiri, chifukwa simudziwa chimene chinasungidwamo kale kapena chimene awonjezeramo. Ngati mafuta akhala m'diramu, isiyeni ikhazikike usiku umodzi, mutunge chapamwamba, zotsalira pansi muzisiye. Madzi amalemera kuposa dizilo ndipo amakhala pansi. Thirani pang'ono m'botolo loonekera m'kati muone: akakhala ambuu kapena pansi pakaoneka mzere wa madzi, asalowe mu thanki.

Nthawi zonse thirani kudzera m'faneli ya sefa, hita itazima ndiponso itazizira. Zotayikira pukutani nthawi yomweyo. Madiramu akhale panja, patali ndi hita ndi chumuni, pamalo poti akadontha mafuta asalowe mu ngalande. Nyengo ya chiperoni thanki yosadzaza imachita thukuta m'kati usiku, ndiye ndi bwino kuidzaza pomaliza ntchito.

6. Konzani magetsi, ndipo konzekerani kuti adzathima

Hita imawotcha dizilo koma fani, pampu ndi choyatsira zimayendera magetsi. Zapakatikati zimagwiritsa ntchito magetsi wamba a mavoti 230, zikuluzikulu zina zimafuna a three phase. Onani pa kachitsulo kolembedwa kumbali kwake. Waya ukhale wokhuthala, wokhala ndi earth, ndipo ngati uli pa chokulungira muutambasule wonse kuti usatenthe. Waya wautali woonda umafooketsa magetsi, fani imayenda mwaulesi, moto umayamba kufuka.

Magetsi a ESCOM akathima hita ili pakati pa ntchito, moto umazima koma fani nayo imaima, ndipo chitsulo cham'kati chimatsala chili chotentha kwambiri popanda choziziritsa. Zikachitika kawirikawiri chitsulocho chimapindika kapena kung'aluka, ndipo chikang'aluka utsi umayamba kusakanikirana ndi mpweya wa anthu. Choncho ngati dera lanu lili pa ndandanda wa kuthima kwa magetsi, zimitsani hita mwadongosolo nthawi isanakwane, kapena muiyendetse pa jenereta kuyambira pachiyambi. Jenereta ikhale ndi mphamvu yoposa katatu mphamvu ya magetsi (osati ya kutentha) imene yalembedwa pa hita, chifukwa mota imakoka kwambiri poyamba. Jenereta nayo ikhale panja, utsi wake kutali ndi fani ya hita.

7. Yatsani koyamba masana, inu muli pomwepo

Kwezani thermostat kuposa kutentha kwa m'chipindamo, mutsegule switchi. Mumva choyatsira ndi pampu zikuyamba, ndipo m'masekondi ochepa moto ugwira. Pa mahita ena fani yaikulu imadikira kuti chitsulo chiyambe chatentha. Musaganize kuti yafa.

Tulukani mukayang'ane pa chumuni. Kautsi pang'ono poyambirira si vuto, koma pakatha mphindi zingapo pasamaoneke utsi. Wakuda ukutanthauza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya. Pano pali chinthu chimene obwereketsa ambiri sanena. Blantyre ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirako ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Hita imene inatcheredwa ku fakitale ya kunja kapena imene yachokera ku Durban kapena ku Beira, mizinda ya m'mphepete mwa nyanja, ikhoza kufuka kuno ngakhale ili yatsopano. Itanani makaniko wodziwa mabena a dizilo (zipangizo zopopera ndi kuyatsa mafuta m'kati mwa hita) kuti atchere mpweya ndi chipangizo choyezera utsi. Musamangopotokola zomangira mwa kuyerekeza.

Kenako imani pakamwa pa paipi ya mpweya wotentha mununkhize. Hita yatsopano imanunkha penti wopsa kwa kanthawi. Koma fungo la dizilo kapena utsi wolasa m'maso zikutanthauza kuti penapake pakudontha, ndipo muzimitse.

8. Pa nthawi imene ikuyaka

Pakhale munthu mmodzi wodziwika amene waphunzitsidwa kuyatsa, kuzimitsa ndi kugwiritsa ntchito chozimitsira moto. Ngati ndi a mlonda, akhazikeni pansi muwaonetse zonse bwinobwino, ndipo muwapatse nambala yoimbira usiku. Auzeni mwaulemu koma mosabisa kuti pa hita sayanikapo jekete, nsapato kapena bulangete, ndipo pafupi nayo sagonapo. Munthu amene wakhala panja usiku wonse wa July kuzizira kumamukokera ku moto. M'pezereni malo ofunda otetezeka m'malo mongomuletsa.

Alamu ya carbon monoxide ikhale pomwe pali anthu. Mpweya umenewu ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, ulibe fungo ndipo suoneka. Anthu awiri kapena atatu akayamba kudandaula mutu, chizungulire kapena nseru nthawi imodzi, musati ndi malungo kapena njala. Atulutseni onse panja, tsegulani zitseko, zimitsani hita, ndipo amene wafooka kapena kusokonezeka mutu apite naye kuchipatala msanga, ku Queens kapena china chapafupi, mukawauze adokotala kuti anali pafupi ndi makina owotcha dizilo.

9. Zimitsani pa switchi, osati pa pulagi

Tsekani switchi ya pa hita, musiye waya uli pa magetsi. Moto uzima koma fani ipitiriza kwa mphindi zingapo, ndipo pa mahita ena imaima n'kuyambanso. Ikuziziritsa chitsulo cham'kati. Dikirani mpaka itasiyiratu, kenako muzule pulagi kapena muzimitse jenereta. Musaisunthe kapena kuifunditsa tenti isanazizire.

Ikazima yokha n'kuyatsa getsi lofiira

M'kati muli kadiso kotchedwa photocell kamene kamayang'ana moto. Kakapanda kuuona, makina amatseka mafuta n'kudikira kuti munthu adine batani la reset. Dinani kamodzi. Ikakana, onani ngati mu thanki muli mafuta, ngati sefa yada kapena muli madzi, ndi ngati paipi ya mafuta sikukoka mpweya. Zulani pulagi hita itazizira, musolole kadisoko mukapukute ndi nsanza youma, chifukwa mwaye ukakaphimba kamakhala kakhungu. Yesaninso kamodzi. Ikakanabe, lekani pomwepo muitane makaniko. Nthawi iliyonse imene mwadina reset moto osagwira, pampu imapopera dizilo m'chipinda chamoto, ndipo tsiku limene udzagwire udzayaka ndi mafuta onse amene munaunjika aja.

Ngati imayaka bwino kwa mphindi zingapo kenako n'kuzima, kayang'aneni paipi ya mpweya wotentha. Mwina yapindika, wina waikapo phaleti, kapena kumbuyo kwa fani kwamatirira pepala.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka

Kuyatsa hita m'nyumba popanda chumuni, ati ndi kwa ola limodzi lokha. Ikatero yasanduka ija yolavula utsi imene munaikana pachiyambi, ndipo mwalipira ndalama zambiri pachabe.

Kulumphitsa waya pa thermostat yoteteza kutentha kapena pa photocell chifukwa "ikuvutitsa". Ndinaionapo hita imene inachitidwa zimenezi pa ntchito ina yopenta pansi pa weyahausi. Inayakadi osazimanso, mpaka paipi yofewa ija inasungunuka n'kugwera pa penti wosauma, ntchito ya masiku atatu n'kubwerezedwa. Vuto lenileni linali paipi yopindidwa pa ngodya ya khoma, chinthu chokonza m'mphindi ziwiri.

Kutsegula chitseko chachikulu tsiku lonse kuti mafokolifiti onyamula katundu azilowa, kenako n'kumadandaula kuti hita ndi yofooka. Pachikani makatani a pulasitiki yokhuthala pakhomopo.

Kukweza thermostat mpaka kumapeto poganiza kuti nyumba ifunda msanga. Moto wake ndi womwewo. Chimene chimasintha n'chakuti siipumanso.

Kuthira madzi pa dizilo amene wagwira moto. Madzi amamwaza motowo. Gwiritsani ntchito chozimitsira cha ufa kapena thovu, kapena mchenga, ndipo nambala ya ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda ikhale yolembedwa pakhoma pafupi ndi khomo.

Kuisunga mu August ili ndi dizilo wotsalira mu thanki mpaka chaka chamawa. Khuthulani thanki, tsukani kapena sinthani sefa, chotsani mwaye m'mapaipi a chumuni, ndipo tsekani pobowola ponse kuti makoswe ndi mavu asamangemo. Isanayakenso June wotsatira, makaniko aone nozzle ndi choyatsira, aunikenso ndi tochi chipinda chamoto ngati chili ndi mng'alu.